Musadzam'mange pa Maliro Anga

Pa maliro a bambo athu, achimwene anga anaseka. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zimene mudzi wathu umakumbukira. Mukafika kuno kufupi ndi Champiti n'kufunsa za banja lathu, anthu sadzakuuzani kuti bambo anali mlimi wa mbatata kapena kuti amayi ankaimba bwino kutchalitchi. Adzayamba ndi kusekako. Sikunali kuseka kwa chikhakhali ayi, kunali kochepa, kotulukira m'mphuno, koma kunagwa pamene abusa anali atangokhala chete kuti atsegule tsamba lina, ndiye kunamveka mpaka kwa adzukulu amene anaima kumbuyo.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anatembenuka n'kuwayang'ana. Basi, kuyang'ana kokha. Achimwene anadzambatuka n'kuyamba kukuwa kuti anthu onse akuwanyogodola, kuti tasonkhana kuti tiwaweruze. Amalume atawayandikira, achimwene anawakankha pachifuwa, mkuluyo n'kugwera pa benchi, nthiti n'kuthyoka. Amuna anayi anawagwira, wina anathamangira kukhola kukatenga chingwe cha ng'ombe, anawamanga manja ndi miyendo n'kuwatsekera m'khitchini. Bambo tinakawaika popanda mwana wawo woyamba. Pochokera kumanda masana tinawapeza achimwene atagona chammbali pa phulusa, atadzikodzera, akufunsa ngati mwambo wayamba.

Sanabadwe otero. Kwathu tinakula awiri, iwo ndi ine, ndipo amandiposa ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ali mnyamata ndiwo ankakhala Herode pa sewero la Khirisimasi chaka chilichonse. Chisoti chaufumu ankadula pa katoni ya sopo, mkanjo unali bulangete la amayi. Akatong'ola maso n'kufunsa kuti mwanayo wabadwira kuti, ana ankathawa kutsogolo kukabisala m'zitenje za amayi awo. Kunyumba ankatha kutengera kayendedwe ka munthu aliyense m'mudzi. Ine ankandinyoza kwambiri, ankakweza mphuno ngati mmene ndimachitira ndikakwiya, mpaka ndinkawaponyera zitsononkho.

Anakwatira kumunsi, cha ku Sharpevale, n'kumalima mpunga kwa akazi awo. Matenda anawapezera komweko. Anayamba kunena kuti wailesi ikulankhula za iwo, kenako anasiya kusamba, kenako anasiya kudya chakudya chophika wina. Akuchikazi anapirira chaka chimodzi, n'kuwabweza kwathu ndi chikwama ndi khasu. Tinayenda nawo kwa asing'anga, tinayenda kwa opempherera, pomaliza anakagonekedwa ku Zomba miyezi itatu. Madokotala anati ndi sikizofireniya. Kumudzi palibe amene anavutika ndi dzina lalitali limenelo, anthu ankangoti misala.

Mankhwala anatontholetsa mawu amene ankawamva m'mutu, zimenezo sindingakane. Koma munthu amene anabwerako anali ndi nkhope youma. Sinkasuntha. Ukawauza kuti mbuzi yaswa, ukawauza kuti mnzawo wamwalira, nkhope inali yomweyo. Chimene sindinachidziwe msanga n'chakuti nkhope zathu nazonso zinali zitawatsekekera. Munthu wolira, munthu wotopa, munthu amene dzuwa lamuthobwa m'maso, onsewo kwa achimwene anali anthu amene akuwada. Tsiku lina ndinawapititsira phala ndili ndi mutu, nditakwinya pamphumi. Anandigwira mkono n'kuupotokola, akufunsa kuti ndathiramo chiyani. Zala zawo zinaoneka pamkono panga sabata yathunthu. Amayi sindinawauze, ndinangovala malaya a manja aatali.

Patapita zaka ziwiri bambo atamwalira, amayi anayamba kutupa miyendo. Kuchipatala anati ndi mtima. Masana ena tinakhala pakhonde tikutonola chimanga, achimwene ali poteropo pansi pa mtengo wa pichesi, akuyang'ana nyerere. Amayi anasiya kutonola.

"Iwe," anatero, "ndikadzafa musadzam'mange mwana wanga."

Ine pakamwa panga sipachedwa. "Ndiye mufa liti, mayi, kuti ndikonzekere bwino?"

Sanaseke. "Ndikunena zoona. Bambo ake sanawaperekeze. Ine adzandiperekeze, adzaike nkhata ndi manja ake. Ndi woyamba kubadwa ameneyu. Walonjeza?"

Ndinalonjeza. Ndikanatani? Koma mumtima ndinakwiya, ndipo ndinene mosabisa. Kulonjezetsa n'kosavuta kwa munthu amene pa tsikulo adzakhala ali m'bokosi. Wodzaima pakati pa achimwene ndi mudzi wonse ndinali ine, mkazi, wamng'ono, amene bambo a ana anga anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Mwinimbumba wathu anayenera kukhala achimwene, koma ndine amene ndinkawakumbutsa kuti asambe.

Mwezi uliwonse ndinkawaperekeza kuchipatala chathu chaching'ono kukabayitsa jakisoni. Chaka chimenecho kunayamba kubwera anesi ena ochokera kuboma, mayi wamfupi, wa mawu aakulu ngati akuitana munthu kutsidya. Tsiku lina atamaliza kubaya anthu anati tisapite, tikakhale mu shedi ya sikelo ya ana. Odwala analipo asanu ndi awiri, aliyense ndi womuperekeza. Anesiwo anati tipanga masewero.

Ndinatsonya mokweza ndithu. Ndasiya kupalira kumunda kuti ndidzaonere akuluakulu akukwinyirana nkhope? Anesi anandimva.

"Achemwali, mwatsonya. Bwerani kutsogolo kuno, ndinu woyamba."

Anandiimika pamaso pa achimwene, n'kundinong'oneza kuti ndionetse chisoni, osalankhula. Ndinagwetsa milomo, ndinazyolika, ndinachita ngati ndikupukuta msozi. Anthu ena anaseka, chifukwa ine si Herode.

"Bambo," anesi anafunsa achimwene, "mlongo wanuyu akumva bwanji mumtima?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Akundida," anatero.

Anesi anati ndionetse kudabwa. Ndinayasama, ndinakweza nsidze.

"Akufuna kundikalipira."

Anati ndimwetulire.

"Akundiseka."

Manyazi amene ndinali nawo anatha, m'malo mwake munalowa chinthu chozizira. Zaka zonsezi munthuyu ankakhala pakati pa adani okhaokha, ndipo mmodzi mwa adaniwo ndinali ine, amene ndinkamuchapira. Anesi anafotokoza kuti matendawa amachita zimenezi kwa anthu ambiri, ndipo jakisoni yekha sabweza luso limeneli, koma ena amatha kuliphunziranso pang'onopang'ono. Sanalonjeze kuti achira. Ndinawakonda chifukwa cha zimenezo.

Kuyambira pamenepo, mwezi ndi mwezi, tikamaliza jakisoni tinkalowa mu shedi muja. Anesi ankawaphunzitsa kuyang'ana chinthu chimodzi pa nthawi. Nsidze zakwera kapena zatsika? Milomo yatani? Mapewa ali pati? Ankawakhazika awiriawiri, wina apange nkhope, mnzake aitengere, kenako aitchule dzina. Kenako timasewero tating'ono: munthu wabwera kudzabwereka khasu kwa mnzake amene mwana wake akudwala, mayi wapeza ndowa yake itachotsedwa pa mzere wa pamjigo. Pakati pa sewero anesi ankaomba m'manja, onse n'kuima ngati mitengo, n'kufunsa owonerera kuti uyu akumva bwanji, ndipo mwaonera pati.

Achimwene ankalakwa kwambiri, koma sankajomba. Mwezi wachinayi anawapatsa gawo la wogulitsa tomato amene mbuzi yamugubuduzira dengu. Anaima kaye, manja akunjenjemera ndi mankhwala, dovu lili pakona ya mlomo. Kenako maso aja anatong'oka. Kanali kanthawi kochepa, mwina kupuma kuwiri, koma anali Herode yemwe uja. Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa chimbudzi mpaka misozi itauma, chifukwa sindinkafuna andione n'kunena kuti ndikuwada.

Vuto linaonekera kumudzi. Mbuzi zathu zinalowa m'dimba la nyemba la mayi wina woyandikana nafe. Mayiyo anabwera, anagwada bwinobwino, anapereka moni kwa amayi, anafunsa za miyendo, akumwetulira mano onse panja, n'kunena kuti zikomo, angofuna kutidziwitsa kuti ziweto zathu zinakacheza kwawo. Atapita, achimwene anandiuza monyadira kuti, "Amene aja akondwa. Milomo inakwera."

Mwezi wotsatira ndinawauza anesi maso ndi maso. "Anesi, nkhope zanuzi ndi za pa kanema. Kwathu munthu akakwiya amamwetulira n'kunena zikomo. Wachisoni amafunda chitenje kumutu, nkhope simuiona n'komwe. Amuna salira, amangoyang'ana pansi. Achimwenewa mukuwaphunzitsa kuwerenga zilembo zikuluzikulu, pamene mudzi wonse umalemba ting'onoting'ono."

Ndinkayembekeza kuti akhumudwa. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Mwanena zoona, achemwali. Ine anthu a kwanu sindikuwadziwa. Mukuwadziwa ndinu. Kawaphunzitseni."

Ndi mmene ndinakhalira wa zisudzo pa ukalamba, kuseri kwa nkhokwe, dzuwa likapendeka. Paja amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma anthu amene wakhala nawo zaka makumi anayi umadziwa pamene amawolokera. Ndinawaonetsa amalume: akakwiya amatsokomola kawiri, n'kuvula chipewa, n'kumapukuta nacho bondo. Ndinawaonetsa mayi wa nyemba uja: akamwetulira maso osasuntha, thawani. Ndinafunda chitenje kumutu n'kugwedeza mapewa, kuti adziwe kuti mayi wotero akulira, sakubisa kuseka. Ndinakhala pa mpando n'kumalemba pansi ndi kamtengo monga amachitira amuna pa siwa.

"Uyu akutani?" ndinkafunsa.

"Akulemba dzina langa. Akupangana."

"Ayi, achimwene. Ali ndi chisoni, koma alibe poika manja. Tiyambirenso."

Tinkayambiranso. Masiku ena ndinkapsa mtima n'kuwasiya pomwepo. Masiku ena iwo ndiwo ankatopa, n'kungonyamuka ndili pakati pa kulira kwanga konamizira, ine n'kutsala ndekha kuseri kwa nkhokwe nditafunda chitenje ngati chitsiru.

Amayi ankationera ali pa mphasa, miyendo itatsamira pa thumba la chimanga. Nthawi imeneyo sankathanso kufika kumunda. Tsiku lina anati, "Mukuzungulira chiyani? Yeserani zenizenizo. Ine ndigona pano, iye abwere adzandione nkhope."

Ndinakana. Zinthu zimenezo sizichitika, n'kudziitanira imfa. Koma amayi anga akafuna chinthu ankachifuna. Anagona chagada, anapinda manja pachifuwa, anatseka maso. Ine ndinakhala abusa, ndinakhala amayi a mpingo, ndinakhala amalume. Achimwene ankayenda pang'onopang'ono kuchokera pa mtengo wa pichesi, kuima pambali pa mphasa, kuwerama, kuwerenga mumtima mpaka zisanu, n'kupitirira kukakhala pansi. Nkhata inali ya masamba a mbatata. Nthawi zina maliro ankatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Abusa sayenda choncho, iwe," kapena, "Wafulumira, mwanawe, sukuthamangira basi." Tinkaseka, ine ndi amayi. Ndi kuseka komaliza kumene ndimakumbukira pabwalo lija, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati tinkachita bwino.

Mpanda wathu ndi wa udzu, ndipo udzu subisa kanthu. Pasanathe sabata ziwiri amalume anatulukira pa njinga yawo, n'kutipeza amayi ali chigonere, achimwene atanyamula masamba a mbatata. Mkuluyo anatsika, anakhala pa mpando osapereka moni, anatsokomola kawiri, n'kuvula chipewa.

"Amalume mwakwiya," anatero achimwene. "Mwatsokomola kawiri, ndipo mukupukuta bondo."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa aka kanali koyamba kuti alondole pa munthu weniweni. Koma amalume anaona ngati akuwatonza.

"Malodza anji amenewa?" anakalipa, akuyang'ana ine. "Mlongo wanga ali moyo, iwe ukumuika m'manda masana dzuwa likuswa mtengo? Mudzi wonse ukunena kuti mukumufulumizitsa. Wodwala ndi mmodzi pakhomo pano kapena nonse?"

Amayi anadzuka movutikira n'kunena kuti anafuna okha. Amalume sanamve. Anati tsikulo likadzafika, mwini maliro adzakhala iwo, ndipo munthu amene anawathyola nthiti sadzakhala pa benchi. Adzatsekeredwa m'mawa, mwamtendere, asanayambe chipongwe. Ine ndinayankha zimene mwana wamkazi sayenera kuyankha amalume ake. Ndinati chingwe ndi cha ng'ombe, ndipo ng'ombe tinagulitsa kale. Ananyamuka n'kupita. Ndikaganiza tsopano, mkulu uja sanali woipa. Kukazizira nthiti ija inkawapweteka, ndipo amene ankagona pa mphasayo anali mlongo wawo mmodzi yekhayo.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira, titakolola, m'mawa ndikuwaphikira phala. Sanavutike nthawi yaitali. Anyamata anakaika masamba pamsewu, anthu anayamba kufika, ndipo ine ndinapita kwa amalume n'kugwada. Sindinakangane nawo ulendo uno. Ndinangoti ndi mawu a malemu, ndipo chilichonse chikachitika mlandu ndi wanga. Amalume anati, "Chikachitika, usadzandiitane."

Tsopano ndinene chimene sindinauzepo munthu. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinalowa m'khola lakale lija. Chingwe chinali chikadali pa msomali pamene anachikoleka pambuyo pa maliro a bambo. Ndinachitenga. Mayi wofedwa amamanga nsalu m'mimba kuti apeze mphamvu zolirira, ndiye palibe amene akanadabwa kuona m'chiuno mwanga mutakula. Ndinazunguliza chingwecho katatu pamimba, pamwamba n'kumangapo chitenje. Ndinadziuza kuti ndikuchitira kuti ena asachipeze. Linali bodza. Ndinachitenga chifukwa ndinkawaopa achimwene anga. Ndinawaopa kuyambira tsiku la phala lija, ndipo miyezi yonse ya masewero sinachotse mantha amenewo. Ndinawaphunzitsa nkhope za mudzi wonse, koma yanga yeniyeni sindinawaonetsepo.

Achimwene anasamba okha tsiku limenelo. Anavala jekete ya bambo, imene inali yaikulu m'mapewa, n'kukakhala pa benchi pakati pa amuna. Mbali zonse ziwiri anthu anasiya mpata wokwana munthu mmodzi. Ine ndinali pa mphasa ndi amayi anzanga pafupi ndi bokosi, ndipo kunena zoona, amayi anga sindinawalire m'mawa umenewo. Maso anga anali pa benchi. Ndinkaona mutu wawo ukutembenuka pang'onopang'ono, kuchoka pa munthu uyu kupita pa uyo, milomo ikugwedera. Ndinkadziwa zimene ankanena. Uyu akulemba pansi, chisoni. Uyu wafunda kumutu, chisoni. Thukuta linkawatsika m'khosi ngakhale kunali chisanu. Inali ntchito yolemetsa kuposa kulima.

Itakwana nthawi yoona nkhope, abusa anaitana achibale. Achimwene anaimirira. Nyimbo inatsika yokha, ngati kuti amayi a mpingo aiwala mawu. Anayenda monga tinkachitira kuchokera pa mtengo wa pichesi, anaima, anawerama. Ndinawerenga nawo mumtima. Zisanu zinakwana, sanasunthe. Khumi. Ndinaona anyamata awiri akusuntha mapazi, ndipo dzanja langa linapita lokha pamimba, pamene panali mfundo.

"Sakumva kuwawa," anatero achimwene, osakweza mawu. "Pamphumi pawongoka."

Anawongoka n'kutembenuka. Koma m'malo mobwerera ku benchi monga tinapanganira, anabwera ku mphasa ya azimayi, kumene mwamuna safika. Amayi awiri anadzikoka chammbuyo. Ndinamva amalume akutsokomola. Achimwene anagwada patsogolo panga, n'kundiyang'ana monga anesi anawaphunzitsira, nsidze, milomo, mapewa, chimodzichimodzi.

"Mlongo," anatero chapansipansi, "onse ndawaona. Onse ali ndi chisoni. Ngakhale amalume, akwiya pang'ono koma chachikulu ndi chisoni. Iwe wekha ndiwe wosiyana."

"Kakhaleni pansi, achimwene," ndinanong'ona.

"Mapewa ako akwera. Ukupumira pakamwa. Maso ako sanapite kubokosi, ali pa ine. Amenewo ndi mantha." Anaima kaye, ngati mwana wasukulu amene akudikira kuti aphunzitsi amuuze ngati wakhoza. "Ndalondola?"

Maso awo anatsikira pa dzanja langa, pamene nsonga ya chingwe inali itasuzumira pansi pa chitenje. Anaiyang'ana. Nkhope yawo sinasinthe, sinkasintha, ndipo ndikanakonda akanakuwa. Anangotambasula manja onse awiri, ataphatikiza, n'kuwaika pa miyendo panga.

"Ngati n'kumanga, undimange iweyo," anatero. "Aja amakoka kwambiri. Koma udikire ndiike kaye nkhata."

Pamenepo ndi pamene ndinabuma. Ndinalira mokuwa, mpaka amayi anzanga anandigwira, nyimbo inakweranso, ndipo onse ankaganiza kuti ndikulira amayi. Ndinagwira manja aja n'kuwakankhira pachifuwa pawo. Achimwene anadikira pang'ono, kenako anaimirira n'kubwerera ku benchi.

Anapita kumanda. Anayenda kumbuyo kwa bokosi, pambali pa amalume. Dzina lawo litaitanidwa anatenga nkhata, anagwada, anaiika pamtumbira ndi manja awo onjenjemerawo, n'kuikonza kuti ikhale pakati. Sanaseke, sanakankhe munthu. Pobwerera anthu ankandigwira dzanja n'kumati ndagwira ntchito. Amalume, tsiku lometa, anandiuza kuti, "Wayesetsa, mwana wa mlongo wanga." Lonjezo linakwaniritsidwa, ndipo aliyense anakhutira. Chingwe chinandisiyira mkwingwirima pamimba, ndipo ndinakachiponya m'chimbudzi.

Masewero aja anatha chaka chomwecho. Anesi anawasamutsira kwina, ndipo amene anabwera m'malo mwawo amabaya jakisoni n'kuitana wotsatira, chifukwa mzere ndi wautali. Sindiwaimba mlandu. Mu shedi muja mwabwerera sikelo ya ana yokha. Mwa anthu asanu ndi awiri aja, awiri sindiwaonanso, ndipo sindifunsa.

Achimwene amakhala m'nyumba ya amayi, ine ndimawaphikira. Sanachire. Miyezi ina mawu aja amabwerera, amatseka chitseko masiku awiri, ine n'kumasiya chakudya pakhomo. Zambiri zimene anaphunzira zinafufutika, moti mayi wa nyemba uja akamwetulira amanenanso kuti akondwa. Ndinayesa kuyambiranso kuseri kwa nkhokwe, koma anakana. Anati kuyang'ana anthu n'kotopetsa, ndipo zina zimene umapezamo sizikuthandiza. Tsopano akamayenda amayang'ana pansi, ndipo anthu amati ayamba ulemu.

Nkhope imodzi yokha ndi imene sanaiiwale. Patapita mwezi amayi ataikidwa, ndikuwapatsa madzi osamba m'manja, anandifunsa kuti ndinayamba liti kuwaopa. Ndinawauza za phala lija, ndi za mkono. Sankakumbukira. Anapempha kuti aone mkonowo, ndinawaonetsa, panalibe chipsera chilichonse. Anaugwira ndi zala ziwiri, mosamala, n'kuubweza.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndikawapititsira phala, amalandira mbale, amaiika pansi, n'kukweza maso. Nsidze, milomo, mapewa. Kenako amafunsa.

"Lero ukundiopa?"

Masiku ambiri ndimati ayi, ndipo amagwedeza mutu n'kuyamba kudya. Koma alipo masiku ena, akakhala kuti sanagone bwino, kapena ndawamva akuyankhana ndi munthu amene palibe, amene ndimatinso ayi. Amandiyang'ana kanthawi, n'kutenga supuni.

"Wanama, mlongo," amatero. "Koma usadandaule. Mawa udzaike mbale pakhomo, ndidzadzitengera ndekha."